Mbiri ya Kusula Atsogoleri ku Minga ndi M'madera a Petauke ndi Nyimba

Aphunzitsi ndi ana a sukulu nonse amene mukutsata nkhani za mbiri ya dziko lathu, lero tikambirana funso limene lavutitsa anthu anzeru kwa zaka zambiri. Kodi mtsogoleri amachita kubadwa ali mtsogoleri kale, kapena utsogoleri ndi ntchito imene munthu angaiphunzire monga momwe amaphunzirira kulima, kuumba mbiya ndi kusula khasu? Masiku ano m'mayunivesite a ku Lusaka, Kitwe ndi Kabwe muli anyamata ndi atsikana amene akuphunzira zamalonda ndi kayendetsedwe ka ntchito, ndipo limodzi mwa maphunziro awo ndilo la utsogoleri. Ena angaganize kuti phunziro limeneli ndi lachilendo, lochokera kutsidya kwa nyanja. Koma tikalondola mbiri ya dera limodzi lokha, dera la Minga, limene lili pakati pa Petauke ndi Nyimba kufupi ndi msewu waukulu wochokera ku Lusaka kupita ku Chipata, tipeza kuti anthu a kumeneko akhala akuphunzitsa utsogoleri kuyambira makedzana.

Tiyendera sukulu zinayi zimene zasula atsogoleri a dera limeneli: bwalo la mfumu, mishoni, kopaletivi ndi yunivesite. Pa sukulu iliyonse tifunse mafunso awiri. Loyamba, kodi wophunzira ankapatsidwa udindo wotani? Lachiwiri, kodi ndani ankamuyang'anira ndi kumudzudzula akalakwa?

SUKULU YOYAMBA: BWALO LA MFUMU

Dziko la Petauke ndi Nyimba ndi la Ansenga makamaka, ngakhale kuti mulinso mitundu ina monga Achewa, Aambo ndi Achikunda. Mfumu yaikulu ya Ansenga a ku Petauke ndi a Kalindawalo, ndipo aliponso mafumu ena monga a Mumbi, a Mwanjawanthu ndi a Nyampande. Kuchigawo cha Nyimba kuli a Ndake, a Nyalugwe, a Luembe ndi a Mwape. Anthu a dziko limeneli amawerengera mtundu wawo kuchikazi. Motero mfumu ikamwalira, wolowa m'malo mwake sakhala mwana wake wobala yekha ayi, koma mng'ono wake wa bere limodzi kapena mwana wa mlongo wake.

Taonani chimene mwambo umenewu unkachita. Ana a alongo a mfumu ankakhala ambiri, kotero panalibe mmodzi amene akanadziguguda pachifuwa ndi kunena kuti mpando ndi wake basi. Akuluakulu a banja lachifumu, makamaka amayi achikulire a mbumba, ankapenyetsetsa khalidwe la mwana aliyense kuyambira ali wamng'ono. Ankaona ngati ali womana chakudya, ngati ali waukali, ngati amasunga chinsinsi ndiponso ngati amalandira bwino alendo. Kubadwira m'banja lachifumu kunali kofunika ndithu, koma pakokha sikunali kokwanira.

Nanga mnyamata wotere ankaphunzira bwanji? Ankakhala pafupi ndi amalume ake, kuwanyamulira mpando ndi kukhala pansi pabwalo pamene milandu inali kuweruzidwa. Ankamva mlandu wa mbuzi zimene zadya chimanga cha mwini, mlandu wa malire a munda, mlandu wa ukwati umene wagwedezeka. Ankaona kuti mfumu yanzeru siyamba ndiyo kulankhula. Wodandaula amayamba, woimbidwa mlandu amayankha, mboni zimanena zimene zinaona, nduna zimafunsa mafunso, ndipo mfumu imalankhula potsiriza, itamva kumene mitima ya anthu yapendekera. Mnyamatayo akasinkhuka ankatumidwa kukapereka uthenga kumudzi wina, kenaka kutsogolera anzake ku uzimba kapena kumunda wa mfumu, ndipo pambuyo pake ankakhala nkhoswe ya alongo ake. Udindo unkakula pang'onopang'ono, monga katundu wa mwana amakula pamene khosi lake likukhwima. Pa nthawi yomulonga ufumu, akuluakulu ankamukhazika pansi ndi kumulanga mosabisa mawu, kumukumbutsa kuti mutu ukakula sulewa nkhonya, ndiye kuti wamkulu sathawa mavuto ndi madandaulo a anthu ake.

Atsikana nawonso anali ndi aphunzitsi awo. Anamkungwi, amene ankalanga anamwali, anali atsogoleri olemekezeka m'mudzi, ndipo mawu awo ankamveka ngakhale kubwalo. Maufumu ena a dera lino, monga a Mwape ndi a Nyanje, akhalapo m'manja mwa amayi.

Panalinso utsogoleri wa zamalonda. Kuyambira m'zaka za m'ma 1700, pa Zumbo, pamene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi, panali msika wa Apwitikizi. Minyanga ya njovu yochokera m'dziko la Ansenga inkapita kumeneko kukasinthanitsidwa ndi nsalu ndi mikanda. Wotsogolera ulendo wotere anayenera kudziwa njira ndi madooko, kugawa kamba mwachilungamo kuti akwanire ulendo wonse, kupereka mphatso kwa mafumu a m'njira ndi kutsatsa malonda mosanyengedwa. Zonsezi ankaziphunzira poyenda maulendo ambiri pambuyo pa wamkulu wodziwa.

Komabe sukulu ya pabwalo inali ndi zofooka zake. Mwana wa munthu wamba, ngakhale akhale wanzeru chotani, sakanalowa ufumu. Nzeru zonse zinkasungidwa m'mitu ya nkhalamba, ndipo nkhalamba ikamwalira zambiri zinkapita nayo kumanda. Ndiponso m'zaka za m'ma 1800, pamene malonda a akapolo ndi mfuti anakula m'chigwa cha Luangwa ndi Zambezi, atsogoleri ena anagulitsa anthu chifukwa cha nsalu ndi onga. Pamene mtsogoleri apeza mphamvu yoti asamverenso nduna zake, maphunziro onse a pabwalo amasanduka chabe.

SUKULU YACHIWIRI: MISHONI

M'mwezi wa Januwale 1898 Angoni a Mpezeni anagonjetsedwa pa nkhondo, ndipo chigawo chonse cha kummawa chinalowa mu ulamuliro wa Azungu a kampani ya British South Africa Company, likulu lake lili ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata. Amishoni anatsatira posachedwa. A mpingo wa Dutch Reformed anatsegula Magwero mu 1899, Nyanje mu 1905 ndi Hofmeyr, m'dera la Nyimba, mu 1914. Ansembe a Katolika a chipani cha White Fathers, amene anakhazikika pa Kachebere mu 1903, anatsegula mishoni ya Minga mu 1923. M'kupita kwa nthawi pa Minga panamangidwa tchalitchi, sukulu, chipatala ndi malo osulirako aphunzitsi.

Amishoni anali owerengeka, koma midzi inali yosawerengeka. Choncho ntchito yaikulu inagwera aphunzitsi ndi akatekisiti achikuda. Taganizani za mnyamata amene waphunzira pamishoni zaka zochepa, ndipo tsopano watumizidwa yekha kumudzi wakutali, ulendo wa masiku awiri pansi. Anayenera kupempha malo kwa nyakwawa, kukopa makolo kuti amange kasukulu ka mitengo ndi udzu, kusonkhanitsa ana amene makolo awo ankafuna kuti azikaweta mbuzi kapena kuingitsa mbalame kumunda, kulemba maina m'kaundula tsiku ndi tsiku ndi kutsogolera mapemphero. Analibe asilikali, analibe chuma, sanali wa banja lachifumu la pamudzipo. Zida zake zinali khalidwe lake ndi lilime lake. Wansembe ankabwera nthawi ndi nthawi kudzaona kaundula ndi kufunsa ana mafunso, ndipo mphunzitsi ankaitanidwanso kumishoni kukaonjezera maphunziro. Apa tikuona chinthu chatsopano m'mbiri ya dera lino: mwana wa munthu wamba anayamba kutsogolera anthu chifukwa cha maphunziro ake.

Chitsanzo chomveka cha nthawi imeneyo ndi cha Leonard Kamungu, wansembe wa mpingo wa Anglican wochokera m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Iye anatumizidwa ku Msoro, kumpoto chakummawa kwa Petauke, pamene mishoniyo inali kungoyamba kumene, ndipo anaiyendetsa ndi aphunzitsi ake mpaka anamwalirira komweko mu 1913. Moyo wake unaonetsa poyera kuti munthu wakuda angathe kuyendetsa mishoni yonse, pa nthawi imene Azungu ambiri ankakayika zimenezo.

Mu 1924 ulamuliro wa Northern Rhodesia unachoka m'manja mwa kampani ndi kulowa m'manja mwa boma la Britain. Chaka chomwecho kunabwera gulu la akatswiri a maphunziro lotchedwa Phelps-Stokes, limene linalangiza kuti boma lithandizane ndi amishoni posula aphunzitsi. Mu 1925 G. C. Latham anakhala mkulu woyamba woyang'anira maphunziro a anthu akuda, ndipo pambuyo pake ku Mazabuka kunatsegulidwa sukulu ya Jeanes, imene inasamukira ku Chalimbana mu 1939. Kumeneko aphunzitsi odziwa ntchito ankaphunzitsidwa kuyendera masukulu a m'midzi ndi kulangiza anzawo, ndipo akazi awo ankaphunzira zaukhondo ndi kasamalidwe ka pabanja kuti akathandize amayi a m'midzi. Mafumu nawonso ankapita ku Chalimbana kukachita maphunziro a kayendetsedwe ka madera awo, pakuti kuyambira mu 1930 boma linawapatsa mabwalo ovomerezeka ndi lamulo, ndipo lamulo la mu 1936 linawalola kukhala ndi thumba la ndalama za dera lawo. Mfumu imene kale inkangodalira kukumbukira tsopano inayenera kumvetsa mabuku a mlembi wake.

Koma sukulu yachiwiriyi inali ndi malire amene wophunzira sankaloledwa kulumpha. Munthu wakuda ankaphunzitsidwa kutsogolera a pansi pake, koma mawu otsiriza anali a Mzungu nthawi zonse: a bwanamkubwa wa pa boma, a mkulu wa mishoni kapena a mwini kampani. Amuna ambiri a ku Petauke amene ankapita kukagwira ntchito m'mapulazi ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Copperbelt, pofuna ndalama za msonkho, sankapitirira pa ukapitawo kapena ukalaliki. Sukulu yoyamba ya boma ya sekondale ya ana achikuda, Munali, inayamba mu 1939 mokha. Ngakhale mu mpingo zinthu zinayenda pang'onopang'ono. Bishopu woyamba wachikuda wa dayosizi ya Chipata, Medardo Mazombwe, anadzozedwa mu 1971, patapita zaka 48 chitsegulire Minga, ndipo mu 2010 anakhala kadinala.

SUKULU YACHITATU: KOPALETIVI

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, boma linakhazikitsa lamulo la makopaletivi mu 1948. Kopaletivi ndi bungwe la anthu amene agwirizana kugulitsa mbewu zawo kapena kugula zofunika zawo pamodzi, kuti phindu likhale lawo. Chigawo cha kummawa, chimene chimadziwika ndi nsawawa, chinali chimodzi mwa zigawo zimene makopaletivi anakula msanga, ndipo ku Petauke ndi ku Katete kunali mabungwe aakulu ogula mbewu za alimi.

Kopaletivi inali sukulu ya mtundu wina. Wapampando, mlembi ndi msungichuma sankabadwira pa udindo wawo, ndiponso sankaikidwa ndi wansembe. Ankasankhidwa ndi alimi anzawo pamsonkhano, ndipo chaka chikatha ankayenera kuima pamaso pa anthu omwewo ndi kufotokoza kuti matumba analowa angati, ndalama zinatuluka zingati ndipo zotsala zili kuti. Woyesa mbewu pa sikelo akabera mlimi, mudzi wonse unkadziwa. Kwa nthawi yoyamba munthu wamba anasungitsidwa ndalama za anzake, ndipo anzakewo anali ndi mphamvu yomuchotsa.

Pa 24 Okutobala 1964 dziko la Zambia linalandira ufulu. Tsiku limenelo m'dziko lonse munali nzika zachikuda pafupifupi 100 zokha zimene zinali ndi digiri ya ku yunivesite. Umenewu unali mtengo wa malire aja amene tatchula. M'mwezi wa Januwale 1965, pamsonkhano wa ku Chifubu mu Ndola, Pulezidenti Kenneth Kaunda anapempha anthu kuti apange makopaletivi, ndipo boma linalonjeza ngongole. Makopaletivi atsopano anaphuka ngati bowa m'dziko lonse, koma zisanathe zaka zambiri ochuluka a iwo anafota. Zifukwa zake zinali zingapo. Magulu ena anapangidwa pofuna ngongole chabe, popanda ntchito yeniyeni yogwirira pamodzi. Atsogoleri ambiri anali asanaphunzire kusunga mabuku a ndalama. Mamembala nawo sankadziwa kuti ali ndi mphamvu yofunsa mafunso. Udindo unaperekedwa, koma maphunziro ndi uyang'aniro zinatsalira m'mbuyo, ndipo amene anavutika ndi alimi amene anaika thukuta lawo m'mabungwewo.

Vuto lomweli linaoneka m'makampani akuluakulu. Mu Epulo 1968, pa Mulungushi, boma linalengeza kuti litenga magawo 51 pa 100 alionse m'makampani ambiri a anthu akunja, ndipo mu Ogasiti 1969, pa Matero, linalengeza zomwezo pa migodi ya kopa. Mwadzidzidzi panafunika mamanijala ambiri a dziko lino, ndipo panalibe nthawi yodikira kuti aliyense aphunzire pang'onopang'ono pambali pa amalume ake. Choncho boma linakulitsa masukulu osula oyendetsa ntchito. Koleji ya Evelyn Hone ndi sukulu ya antchito a boma imene lero imatchedwa NIPA zinali zitayamba mu 1963, ndipo Yunivesite ya Zambia inalandira ophunzira ake oyamba mu 1966. M'zaka za m'ma 1970 kufupi ndi Kabwe kunatsegulidwa President's Citizenship College, kumene ankaphunzitsa atsogoleri a chipani, a mabungwe a antchito ndi a makopaletivi. Malo amenewo anasanduka Yunivesite ya Mulungushi mu 2008. Mu 1978 Yunivesite ya Zambia inatsegula nthambi ya maphunziro a zamalonda ku Kitwe, ndipo nthambi imeneyo ndiyo inakhala maziko a Yunivesite ya Copperbelt mu 1987. Mwana wa ku Minga, Petauke kapena Nyimba amene wakhoza bwino mayeso ake angathe tsopano kukwera basi ndi kukaphunzira utsogoleri ngati phunziro la m'kalasi.

SUKULU YACHINAYI: YUNIVESITE

Kodi wophunzira zamalonda akalowa m'kalasi limeneli amamva zotani? Amaphunzira mbiri ya maganizo a anthu a m'maiko ambiri pa funso lomwe lija tayamba nalo.

Poyamba amamva za Thomas Carlyle, mlembi wa ku Scotland, amene mu 1840 ankaphunzitsa kuti mbiri ya dziko imapangidwa ndi anthu ochepa obadwa ndi mphatso zapadera. Kwa zaka zambiri akatswiri anafunafuna zizindikiro za anthu oterewa: msinkhu, nzeru, kulimba mtima ndi luso la kulankhula. Koma mu 1948 Ralph Stogdill wa ku America, atasanthula kafukufuku woposa 100 wa anzake, anapeza kuti palibe mndandanda umodzi wa makhalidwe umene umapanga mtsogoleri paliponse. Munthu amene atsogolera bwino pa ntchito ina angalephere pa ntchito inzake. Mtsogoleri wa uzimba si ndiye woweruza milandu.

Wophunzira amamvanso za Henri Fayol, amene anayendetsa kampani ya migodi ku France. Mu 1916 iye analemba kuti woyendetsa ntchito ali ndi mbali zisanu zoti achite: kukonzeratu za m'tsogolo, kugawa ntchito ndi zipangizo, kulamula, kulunzanitsa anthu kuti asakokerane, ndi kuona ngati zonse zachitika monga anapangana. Iye ankakhulupirira kuti zimenezi zingaphunzitsidwe m'sukulu.

Nkhani imene ikukhudza kwambiri inu aphunzitsi ndi ana ndi ya Kurt Lewin ndi anzake awiri, Ronald Lippitt ndi Ralph White, imene inafalitsidwa mu 1939. Iwo anasonkhanitsa anyamata a zaka pafupifupi 10 ku Iowa, m'dziko la America, nawagawa m'timagulu topanga zinthu zamanja akaweruka kusukulu. Kagulu kalikonse kanapatsidwa wamkulu wotsogolera mwa njira yakeyake. Wina ankalamula chilichonse yekha, osafunsa ana. Wina ankakambirana ndi ana, kuwalola kusankha njira ndi kuwathandiza akasowa chochita. Wachitatu ankangowalekerera. Zotsatira zake zinali zotere. Ana a mtsogoleri wolamula ankagwira ntchito kwambiri iye akakhalapo, koma akangotuluka m'chipinda ntchito inkazirala, ndipo ena ankayambana kapena kungokhala ndwii. Ana a mtsogoleri wolekerera anachita zochepa kuposa onse. Koma ana a mtsogoleri wokambirana ankapitiriza ntchito ngakhale iye atatuluka, ndipo ambiri anakonda njira imeneyi.

Mu 1960 Douglas McGregor anaonjezapo kuti katsogoleredwe ka munthu kamachokera pa zimene iye amaganiza za anthu ake. Amene amayesa antchito ake aulesi amawalondalonda ndi kuwaopseza, ndipo iwo amachitadi ulesi akangopeza mpata. Amene amawayesa anthu ofuna kuchita bwino amawapatsa udindo, ndipo ambiri amaukwanitsa. Mu 1969 Paul Hersey ndi Kenneth Blanchard anaphunzitsa kuti mtsogoleri asinthe njira zake molingana ndi kukhwima kwa omutsatira: wachilendo pa ntchito auzidwe chochita mwatsatanetsatane, koma wozolowera asiyiridwe ntchito. Ndipo mu 1970 Robert Greenleaf, amene anagwira ntchito zaka zambiri m'kampani yaikulu ya matelefoni ku America, analemba kuti mtsogoleri woona amayamba ndi mtima wofuna kutumikira.

Tsono aphunzitsi a m'mayunivesite anazindikira kuti wophunzira angathe kuloweza maina onsewa ndi kukhoza mayeso, koma n'kulephera kuyanjanitsa antchito awiri amene akangana. Chifukwa cha ichi amagwiritsa ntchito njira zina. Njira imodzi inatchuka ku sukulu ya zamalonda ya Harvard m'zaka za m'ma 1920. Ophunzira amapatsidwa nkhani yeniyeni ya kampani imene inagwa m'vuto, aliyense amanena chimene akanachita akanakhala manijala, anzake amamutsutsa, ndipo mphunzitsi amalankhula potsiriza. Njira ina ndiyo kugawa ophunzira m'magulu ndi kuwapatsa ntchito yoti amalize pamodzi, utsogoleri uli wosinthana. Njira yachitatu ndiyo kuwatumiza kumakampani kwa miyezi ingapo kuti akagwire ntchito pansi pa anthu odziwa. Mukaziyang'anitsitsa njira zitatuzi, muona kuti ndi zomwe zija mwana wa mlongo wa mfumu ankadutsamo: kumvera milandu pabwalo, kutsogolera anzake ku uzimba ndi kukhala pafupi ndi amalume. Chimene yunivesite yaonjezapo ndi mabuku, amene amasunga nzeru za maiko ambiri kuti zisafe ndi nkhalamba, luso la kuwerengera ndalama, ndiponso khomo lotsegukira mwana aliyense, wamkazi kapena wamwamuna, wa banja lililonse.

PHUNZIRO KWA SUKULU ZATHU

Mbiri ya sukulu zinayizi ikutiuza chinthu chimodzi. Utsogoleri umaphunzitsidwa, ndipo umaphunzitsidwa pamene munthu wasenzetsedwa udindo weniweni pamaso pa anthu amene angamufunse ndi kumuwongolera. Pamene udindo unamanidwa, monga m'nthawi ya atsamunda, dziko linafika pa ufulu lili ndi anthu ochepa odziwa kuyendetsa zinthu. Pamene udindo unaperekedwa popanda maphunziro ndi uyang'aniro, monga m'makopaletivi ena a m'zaka za m'ma 1960, chuma cha anthu osauka chinamwazika.

Ana ambiri a m'masukulu a pulayimale a ku Minga, Petauke ndi Nyimba sadzafika ku yunivesite, koma ambiri a iwo adzakhala m'makomiti a chitsime, a chipatala, a tchalitchi, a sukulu ndi a makopaletivi ogulira feteleza. Akapanda kuphunzira utsogoleri kusukulu ya pulayimale, mwina sadzauphunziranso kwina kulikonse. Akulu anati kuongola mtengo mpoyamba.

Motero aphunzitsi, musapereke umonita kwa mwana mmodzi yekha chaka chonse chifukwa ndi wamkulu thupi kapena ndi mwana wa munthu wodziwika. Usinthaneni, kuti atsikana ndi anyamata, olankhula ndi ofatsa omwe, alaweko kulemera kwake. Ntchito ya monita isakhale kulemba maina a olongolola kokha, pakuti potero timaphunzitsa ana kuti kutsogolera ndiko kuneneza anzako. Mpatseni ntchito yooneka: kugawa mabuku ndi kuwawerenga pobweza, kukonza ndandanda ya osesa, kuyang'anira bedi la ndiwo kudimba la sukulu. Mu 1975 boma linalamula kuti sukulu iliyonse ikhale ndi munda kapena ntchito ina yopindulitsa, ndipo kumene dimba lotere lilipo, ndilo kalasi labwino koposa la zamalonda. Ana asankhe okha wapampando, mlembi ndi msungichuma wawo. Alembe m'kope mtengo wa mbewu ndi ndalama zimene apeza pogulitsa repu kapena matimati, ndipo pakutha pa teremu awerenge kopelo pamaso pa kalasi lonse, anzawo ali ndi ufulu wofunsa. Mwana akalakwitsa, musamulande udindo msangamsanga; khalani naye pansi, mumuonetse pamene paphonyeka, ayesenso. Ndipo nthawi zina tulukani m'kalasi kwa mphindi zochepa, monga ankachitira atsogoleri a ku Iowa aja, kuti muone ngati ntchito ipitirira inu mulibe.

Inu ana, mukasankhidwa kutsogolera anzanu, kumbukirani dongosolo la pabwalo: yambani mwamva, mulankhule potsiriza. Gawani ntchito mwachilungamo, ndipo inunso mugwire nawo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndalama kapena katundu wa gulu musamusunge mobisa. Lembani zonse ndi kuonetsa anzanu. Ndipo mukakhala kuti simunasankhidwe, ntchito yanu ilipobe: kumvera pa zoyenera, kuthandiza, ndi kufunsa mwaulemu pamene simukumvetsa, monga zinkachitira nduna za mfumu.

MAFUNSO NDI ZOCHITA

1. Tchulani sukulu zinayi za utsogoleri zimene zafotokozedwa m'nkhaniyi.
2. Kodi mishoni ya Minga inatsegulidwa chaka chiti, ndipo anaitsegula ndani?
3. Perekani zifukwa ziwiri zimene makopaletivi ambiri a m'zaka za m'ma 1960 anagwera.
4. Pa atsogoleri atatu a ku Iowa, ndi uti amene ana ake ankapitiriza ntchito iye atatuluka? Mukuganiza kuti chifukwa chake chinali chiyani?
5. Pemphani anyakwawa kapena agogo a m'mudzi mwanu kuti akufotokozereni momwe mfumu ya dera lanu imasankhidwira ndi malangizo amene imapatsidwa. Lembani zimene mwamva ndi kuwerengera anzanu m'kalasi.